Kudutsa dziko lotentha pa galimoto: yambirani pa kalendala

Funso: "Ndikukonzekera kudutsa dziko lina lotentha la kufupi ndi ikweta pa galimoto yanga, pamodzi ndi mayi a kunyumba ndi ana awiri. Mtunda wonse ndi makilomita pafupifupi 2,000, ndipo mbali ina ndi msewu wa fumbi wodutsa m'nkhalango ndi m'madambo. Anzanga akuti ndigule winchi (makina a chingwe okokera galimoto ikatitimira) ndi snorkel (paipi yokwera m'mwamba yokokera mpweya wa injini), komanso ndiziyenda usiku kuti injini isatenthe. Ndiyambire pati?"

Zikomo bambo pofunsa musanalize galimoto. Yambirani pa kalendala, za zitsulo tikamba pambuyo. M'kalata yanu simunatchule mwezi womwe mukufuna kunyamuka, chonsecho ndi umene udzagamule ngati makilomita 2,000 amenewo mudzawamalize m'masiku asanu kapena m'milungu itatu. Msewu wa fumbi wa m'dziko lotentha umakhala wina m'chilimwe, wina m'dzinja, koma pa mapu amaujambula ndi mzere umodzi womwewo chaka chonse.

Mvula ya m'mayiko amenewa imalondola dzuwa. Miyezi imene dzuwa limadutsa paliwombo kum'mwera kwa ikweta, mitambo imakhamukira komweko, ndipo madera ambiri a kum'mwera amanyowa kuyambira Novembala mpaka Epulo. Dzuwa likabwerera kumpoto mvula imapita nalo, n'chifukwa chake ku Sahel, dera la kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, ndi ku India imagwa kuyambira Juni mpaka Seputembala. Pa ikweta penipeni dzuwa limadutsa paliwombo kawiri pachaka, ndipo mayiko ngati Kenya ndi Uganda ali ndi nyengo ziwiri za mvula: ya Malichi mpaka Meyi, ndi ina ya Okutobala mpaka Disembala. Ndiye ngati dziko lomwe mukupitalo lagona mbali zonse ziwiri za ikweta, monga Brazil, Indonesia kapena Democratic Republic of Congo, mutha kunyamuka fumbi lili koboo, tsiku lachitatu n'kupezeka muli pakati pa dzinja. Fufuzani za mvula ya chigawo chilichonse chomwe msewu wanu wadutsa, osangoona za likulu la dzikolo. Dziwaninso kuti kumapeto kwa dzinja n'koipa kuposa kumayambiriro kwake. Mvula yoyamba nthaka imamwa. Pofika miyezi yomaliza nthaka yakhuta, mitsinje yadzaza, ndipo malole akhala akukumba msewu kwa miyezi inayi.

Mayiko ena amachita kuutseka msewuwo. Gibb River Road, msewu wa makilomita pafupifupi 660 ku Kimberley kumpoto kwa Australia, umatsekedwa mvula ikalimba, ngakhale munthu akhale ndi galimoto yamphamvu chotani. Ku Cameroon ndi mayiko ena a pakati pa Africa kuli zipata m'misewu ya fumbi zomwe amatseka mvula ikamagwa kuti malole asaononge msewu, n'kudzatsegula ukauma. Ku Brazil kuli msewu wa BR-319 wochoka ku Manaus kupita ku Porto Velho, wa makilomita pafupifupi 885. Unatsegulidwa mu 1976 uli wa phula, koma pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mvula ndi nkhalango zinali zitaudya, ndipo chigawo chake chapakati chakhala cha matope okhaokha kwa zaka zambiri pamene pa mapu ukuonekabe ngati msewu waukulu wa boma.

Dothi nalo muliphunzire, chifukwa silichita zofanana likanyowa. Katondo wofiira amaterera pamwamba pokha. Mvula ikangowaza, galimoto imayamba kuyenda chammbali, kumbuyo kukufuna kutsogola. Zikatero musaponde buleki mwamphamvu, chotsani phazi pamoto pang'onopang'ono, ndipo khalani pakati pa msewu pomwe pali potukuka, chifukwa m'mbali muli ngalande zomwe zingakukokereni m'kati. Ubwino wake katondo sachedwa kuuma dzuwa likawala. Makande, dothi lakuda la m'madambo lija limachita ming'alu m'chilimwe, ndiye oopsa. Akanyowa amamatirira, amadzaza mizere ya tayala mpaka tayala kusalala, kenako amaunjikana pakati pa tayala ndi bodi mpaka gudumu kukanika kuzungulira. Pamakande onyowa galimoto ya 4x4 imangozungulitsa matayala anayi pamalo amodzi. Mankhwala ake n'kudikira theka la tsiku kuti dzuwa liumitse pamwamba.

Tsopano za kuyenda usiku. Apa anzanu akusocheretsani, ndipo ndikupemphani kuti malangizo amenewa muwataye kutali. Injini yabwinobwino imadzisungira yokha kutentha kwake. Muli kachipangizo kotchedwa thermostat komwe kamatsegula ndi kutseka njira ya madzi kuti azikhala pa madigiri apakati pa 85 ndi 95, kaya kunja kukuzizira kaya kukutentha. Ngati galimoto yanu imawira masana ndiye kuti ili ndi vuto: redieta yatsekeka, fani yafooka, chotsekera cha redieta chatha mphamvu, kapena pampu ya madzi yatopa. Vuto limenelo amakaniko alikonze musananyamuke. Kuyenda usiku n'kungolibisa, ndipo lidzakutulukirani pamtunda woyamba wautali.

Usiku pamsewu pamakhala lole yofa yopanda nyale ndi imodzi yomwe, itangoikiridwa nthambi za mitengo kumbuyo. Pamakhala njinga zopanda magetsi, ngolo, ng'ombe zogona paphula chifukwa likadali lofunda, anthu oyenda pansi ovala zakuda, ndi malo omwe madzi anakokolola theka la msewu masana omwewo. Lipoti la World Health Organization la 2023 linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa 9 mwa 10 aliwonse amafera m'mayiko osauka ndi opeza pakatikati, komwe kuli mayiko ambiri otentha. Munthu akamakonzekera ulendo wotere amaopa njoka ndi zilombo, pamene chimene chingamuphe msanga ndi lole yoima mumdima ija.

Kufupi ndi ikweta usana ndi maola 12 chaka chonse, ndipo chisisira sichikhalitsa. Dzuwa likangolowa, pasanathe theka la ola kwada bii. Choncho nyamukani kukangoyera, ndipo mukhale mutafika kogona pofika 3 kapena 4 koloko masana. Mukatero mumakhala ndi maola awiri osungira tayala lophulika kapena mlatho wotsekedwa, komanso mumazemba mvula ya mabingu, yomwe m'madera ambiri otentha imakonda kugwa dzuwa litapendeka. Mtunda muziuwerenga m'maola. Paphula, kuphatikizapo midzi, zipata za apolisi ndi kuimaima kwa ana, werengerani makilomita 60 pa ola. Pafumbi werengerani 30 kapena 40. Pamatope 10 ndi ambiri. Foni yanu idzakuuzani zina, chifukwa siidziwa kuti kunagwa mvula usiku.

Amene amadziwa za msewu wa lero ndi madalaivala a malole ndi mabasi ochokera komwe mukupitako. Safunsa anadya phula, koma kafunsidwe nako n'kofunika. Mukafunsa kuti "msewu uli bwanji?" yankho lidzakhala lakuti uli bwino, chifukwa kwa munthu amene amadutsamo mlungu uliwonse pa lole yotalika, ulidi bwino. Funsani kuti, "Mwanyamuka nthawi yanji kumeneko?" ndi kuti, "Madzi pamtsinje paja anakufikani pati?" Muyang'anenso matayala ake ndi mzere wa matope pabodi, muone pomwe walekezera.

Malo oopsa kuposa onse pa ulendo wanu ndi pomwe madzi adutsa pamwamba pa msewu, kaya ndi padooko kaya pamlatho waufupi womwe wamira. Bungwe loona za nyengo ku America, National Weather Service, limachenjeza kuti madzi othamanga akuya masentimita 15 atha kugwetsa munthu wamkulu, a masentimita 30 atha kukokolola galimoto yaing'ono, ndipo a masentimita 60 amatenga ngakhale mapikiapu ndi magalimoto akuluakulu a 4x4. Anthu savomereza msanga manambala amenewa chifukwa amadalira kulemera kwa galimoto. Koma galimoto yotseka zitseko m'kati mwake muli mpweya wokhawokha. Madzi akafika pansi pa bodi amayamba kuinyamula, matayala amapepuka n'kusiya kugwira pansi, ndipo madzi okankha chammbali amangoiperekeza kumunsi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye ganizani kuchuluka kwa malita omwe akumenya mbali yonse ya galimoto pa sekondi iliyonse.

Snorkel imagwira ntchito imodzi: imakweza pomwe injini imakokera mpweya. Ntchitoyo ndi yofunika, chifukwa madzi safinyika. Kapu imodzi yokha ikalowa mu silinda, pisitoni imagunda pamadzi, ndodo yake imapindika, injini yathera pomwepo. Imathandizanso kuti injini isamameze fumbi lambiri la pansi. Koma siiteteza makompyuta ndi mawaya a galimoto, siiletsa madzi kulowa mu giyabokosi ndi mu difu (bokosi la magiya la pakati pa magudumu), ndipo siiletsa galimoto kuyandama. Chimene ndimaiopera n'chakuti imapatsa dalaivala mtima wolowa pamene akanabwerera.

Mukafika pamadzi imani, zimitsani injini, tsikani. Zikani kamtengo m'mphepete penipeni pomwe madzi alekezera, muyang'ane wotchi. Pakatha mphindi 30 bwereraninso. Mukapeza kamtengo kali pouma, mtsinje ukuphwa. Mukapeza kamira, kumtunda kukugwabe mvula ngakhale pamene mwaimapo dzuwa likuswa mtengo. Mitsinje ing'onoing'ono yambiri imadzaza mwadzidzidzi n'kuphwanso m'maola ochepa, moti amene anadikira mpaka m'mawa amawoloka madzi akulekeza m'akakolo. Kudikirako kumapatsanso difu mpata wozizira. Chitsulo chotentha chikamira mwadzidzidzi, mpweya wa m'kati mwake umachepa n'kuyamwa madzi kudzera m'kabowo kopumira. Oyilo amasanduka woyera mbuu, ndipo patapita makilomita mazana angapo mumayamba kumva kulira kuchokera pansi pa galimoto.

Madzi oti munthu wamkulu sangawoloke wapansi mosadzandira, galimoto isalowemo. Kumene kuli ng'ona musayese n'komwe kuyendamo. Dikirani galimoto ya kuderalo iwoloke, muone njira yomwe yadzera ndi pomwe madzi aifika. Madzi a matope amabisa dzenje, chitsa, ngakhale mlatho womwe wadyeka mbali imodzi. Mukatsimikiza kuti n'zotheka, tsegulani mawindo musanalowe, chifukwa mawindo a magetsi amafa madzi akangofika pamawaya, ndipo chitseko chokankhidwa ndi madzi sichitseguka. Ikani giya yotsika, lowani pang'onopang'ono, yendani pa liwiro limodzi mpaka kutsidya. Musasinthe giya pakati pa madzi, chifukwa kilatchi ikanyowa imaterera. Injini ikazima m'madzi musailize ngakhale kamodzi. Ikokedwe, amakaniko ayambe atulutsa madzi m'masilinda. Mukawoloka yendani pang'ono mukupondaponda buleki kuti iume.

Winchi imafuna mtengo wolimba woimangirira, ndipo m'madambo momwe mungatitimire mitengo mulibe. Ndi yolemeranso, ndipo imalendewera kutsogolo kwa galimoto ulendo wonse. Ine ndikanayamba ndi fosholo yeniyeni ya chigwiriro chachitali, thabwa lolimba loikira pansi pa jeke, chingwe chokokera cholimba, pampu ya matayala ndi geji yake, zomatira tayala, ndi matayala awiri a sipeya. Mukatitimira musapitirize kuponda moto, chifukwa tayala lililonse likazungulira likukumba dzenje lake. Fukulani kutsogolo kwa matayala ndi pansi pa difu, nyamulani ndi jeke, ikani nthambi ndi miyala pansi, kenako yesani mofatsa. Pokokedwa musamangirire chingwe pa kachitsulo kooneka ngati mpira kokokera ngolo kumbuyo kwa galimoto. Kamathyoka n'kuuluka, ndipo kapha anthu. Pa chigawo choipacho, chinthu chothandiza kuposa zitsulo zonsezi ndi galimoto yachiwiri yoyenda nayo limodzi, ngakhale ikhale ya anthu omwe mwangokumana nawo pogona.

Katundu muchepetse. Galimoto yolemedwa imatitimira msanga, imathyola masipuling'i, imatenthetsa matayala, ndipo katundu wa padenga amaipangitsa kugubuduzika pakona. Zolemera zikhale pansi, pakati pa magudumu.

Kutentha kumene muyenera kuopa ndi kwa matayala. Pamatope ndi pamchenga n'kwanzeru kuchepetsa mpweya kuti tayala ligwire malo aakulu, koma mukangobwerera paphula muupopenso musanathamange. Tayala lopanda mpweya wokwanira limapindikapindika m'mbali, limatentha, ndipo paphula la masana limaphulika. Mpweya muziyeza m'mawa matayala ali ozizira. Masana geji idzaonetsa kuti wakwera, koma musauphwetse, n'chilengedwe chake. Onaninso msinkhu wa tayala. Pambali pake pali zilembo za DOT, ndipo manambala anayi omaliza ndi mlungu ndi chaka chomwe linapangidwa: 2319 ndiye kuti mlungu wa 23 wa chaka cha 2019. Tayala lopitirira zaka zisanu ndi chimodzi ndisalidalire pa ulendo wotere ngakhale mizere yake ikuoneka yakuya.

Msewu wa fumbi wouma umachita timabampu tondondozana ngati malata. Timeneti timamasula mabawuti, timadula mawaya, timagwedeza batire mpaka kusweka, ndiponso timatenthetsa mashoko. Mukathamanga kugwedezeka kumachepa, koma n'chifukwa chakuti matayala akungodumpha pamwamba osagwira pansi, ndiye pakona kapena pobuleka galimoto siimvera. M'mawa uliwonse musananyamuke gwadani muyang'ane pansi pa galimoto ngati padontha kanthu, gwedezani batire, yesani mabawuti a magudumu, onani oyilo ndi madzi, gugudani fyuluta ya mpweya. Yang'ananinso kutsogolo kwa redieta, chifukwa njere za udzu, tizilombo ndi matope ouma zimatseka timabowo take. Ikawira musatsegule chotsekera ikadali yotentha. Madzi a m'kati amakhala opanikizika ndipo amatha kufika madigiri 120 osawira, ndiye mukangotsegula amakuthirani kumaso.

Mafuta a mabuleki muwasinthe musananyamuke. Amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo m'mayiko a chinyontho amayamwa msanga. A mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sawira asanafike madigiri 230, koma akamwa madzi atha kuwira pa 155. Potsetsereka phiri lalitali mutaponda buleki njira yonse, mafutawo amawira, phazi limangolowa mpaka pansi galimoto osaima. Tsikani ndi giya yomwe mukanakwera nayo phirilo.

Thanki ikafika theka, thirani pomwe mwapeza mafuta, chifukwa pamatope galimoto imamwa kwambiri kuposa momwe munazolowerera. Dizilo wa m'migolo ndi m'zigubu nthawi zambiri amakhala ndi madzi ndi zinyalala, ndipo injini za dizilo zamakono sizipirira zimenezo. Tengani fyuluta ya mafuta ya sipeya, ndipo muphunzire kukhetsa madzi pansi pake musanachoke pakhomo.

Za mapepala ndidutsapo mwachangu. Laisensi yoyendetsera galimoto kunja ilipo mitundu iwiri yodziwika: ya pangano la ku Geneva la 1949, yomwe imatha pakapita chaka, ndi ya pangano la ku Vienna la 1968, yomwe imatha kufika zaka zitatu. Mayiko ena amalandira umodzi wokha, ndiye funsani ku ofesi ya kazembe wa dzikolo. Galimoto imalowa ndi chilolezo chongoyembekezera cha akasitomu kapena ndi bukhu la Carnet de Passages en Douane, ndipo potuluka onetsetsani kuti adinda chidindo chosonyeza kuti yatuluka, apo ayi adzakulipiritsani msonkho ngati munaigulitsa m'dzikomo. Inshuwalansi ya kwanu nthawi zambiri imathera pamalire. M'mayiko a COMESA muli inshuwalansi ya Yellow Card, m'mayiko a ECOWAS a kumadzulo kwa Africa muli ya Brown Card, kwina mumagula pachipata pomwepo. Mufunsenso mbali yoyendera. Kuchoka ku Uganda kulowa mu Rwanda, ku Thailand kulowa mu Laos, kapena ku Guyana kulowa mu Brazil, mumasiya kumanzere n'kuyamba kuyenda kumanja. Pamalire simungaiwale chifukwa pali zikwangwani. Poiwalika ndi m'mawa wotsatira, potuluka pogona kulowa mumsewu wopanda galimoto ina. Auzeni mayi azikukumbutsani nthawi iliyonse mukamanyamuka.

Mayiko ambiri otentha a mu Africa ndi South America amafuna chiphaso cha katemera wa yellow fever. Chimayamba kugwira ntchito pakapita masiku 10 mutabayitsa, ndiye musadikire mlungu womaliza. Kuyambira mu Julayi 2016 chiphasochi n'cha moyo wonse. Madzi akumwa mukhale nawo okwanira masiku awiri owonjezera, poganizira tsiku lomwe mudzagone m'mphepete mwa mtsinje, ndipo ana musawasiye m'galimoto yotseka padzuwa ngakhale kwa mphindi zochepa. Adzafuna kusambira pomwe mukudikira madzi kuphwa. Musawalole, chifukwa m'madzi odikha a m'madera ambiri otentha muli likodzo.

Pitani kuchipatala mwezi umodzi musananyamuke, mukawauze madera omwe mudutse, akuuzeni za mankhwala oteteza ku malungo oyenera inu, mayi ndi ana malinga ndi kulemera kwawo. Udzudzu wa malungo umaluma kuyambira madzulo mpaka m'bandakucha, choncho neti ikhale m'galimoto ndipo muziimanga paliponse pomwe mwagona. Udzudzu wofalitsa matenda a dengue umaluma masana, ndiye mafuta othamangitsa udzudzu muzidzola ngakhale dzuwa lili pamutu. Malungo satuluka tsiku lomwe munthu walumidwa. Amatenga masiku osachepera asanu ndi awiri, kawirikawiri 10 mpaka 15, nthawi zina kupitirira apo. Mwana akatentha thupi panjira kapena milungu ingapo mutabwerera kunyumba, mupite naye kukayezetsa magazi tsiku lomwelo, ndipo mukawauze adokotala mayina a madera onse omwe munadutsa.